NLR ya adadi yafika pa 9, kodi ndiye kuti nthawi yatha?

NaBanda_A25

Abale anga mwaswera bwanji. Ndikulemba usiku uno chifukwa tulo palibe ndipo kunyumba kuno palibe amene ndingamufunse, amayi akangondiona nkhope yasintha basi ayamba kulira. Adadi ali ndi zaka 61, anali aphunzitsi a pulayimale, apuma ntchito chaka chathachi. Mu Febuluwale anagwa kumunda ngati munthu wa khunyu, thovu kukamwa ndithu, chonsecho chibadwire sanadwalepo matenda amenewa. Zisanafike apo ankadandaula mutu m'mamawa uliwonse, nthawi zina kusanza, ndiye mawu ena ankawasowa, akufuna kunena supuni akunena kiyi, ife nkumaseka kuti madala ukalamba wayamba. Sikani inaonetsa chotupa mu ubongo mbali ya kumanzere. Tinagulitsa puloti, achibale anasonkha, kumpingo anasonkha, tinapita nawo ku India. Opaleshoni inachitika mu Malichi, zotsatira zinati glioblastoma grade 4. Kenako masabata 6 a radiation limodzi ndi makapisozi a temozolomide, tinabwerako mu Juni. Panopa makapisoziwo akumwa masiku 5 pa mwezi ndipo asanayambe timakayezetsa kaye magazi, ija ya full blood count.

Vuto langa ndi ili. Dzulo ndatenga pepala la ku labu nkuyamba kugoogula mzere ndi mzere, ndikudziwa ndinalakwitsa koma ndachita basi. Ndapeza nkhani ya NLR, akuti utenge nambala ya neutrophils ugawe ndi ya lymphocytes, ndiye ikaposa 4 odwala khansa ya mu ubongo sakhalitsa. Adadi neutrophils 7.2, lymphocytes 0.8, kalikuleta yandipatsa 9. Naini abale. Ndabwereza katatu. Platelets ali 168, CRP 6, albumin 36, izi sindikuzimva bwinobwino.

Ndiye zoona zimenezi? Nanga bwanji adokotala sanatchulepo za NLR ngakhale kamodzi, akutibisa? Ndipo chilipo chakudya chimene chingaitsitse? Amene mukudziwa chonde ndiuzeni chilungamo, musandinyengerere.

Wakulabu_BT

Achemwali pepani kwambiri ndi matendawa. Ine ndimagwira mu labu, mapepala ngati lanulo ndimatulutsa tsiku ndi tsiku. Masamu anu ndi olondola, 7.2 kugawa 0.8 ndi 9, ndipo ngakhale mukanatenga ma peresenti aja m'malo mwa manambala enawo yankho likanatuluka lomwelo. Koma NLR si testi yapadera ayi, makina athu ena saitulutsa nkomwe, ndi masamu chabe amene munthu amapanga pa zinthu ziwiri zimene zimakwera ndi kutsika ngati mitengo ya tomato pa msika. Ma neutrophil ndi asilikali oyamba kuthamangira pamene pavuta, chilonda, chibayo, matenda a mkodzo, opaleshoni, ngakhale thupi likangopanikizika amachuluka m'maola ochepa chabe. Ma lymphocyte ndi aja oganiza, amene amazindikira mdani nkumukumbukira, CD4 imene tonse timaidziwa ija ili m'gulu limeneli. Munthu wabwinobwino NLR yake imakhala cha pakati pa 1 ndi 3.

Ndinaonapo munthu m'modzi Lolemba ali pa 11 chifukwa cha chithupsa, Lachisanu atamwa ma antibiotic ali pa 3. Ndiye pepala limodzi lokha silinena zambiri.

Funso langa ndi limodzi, adadiwo ali pa dexamethasone? Timapilitsi ting'onoting'ono timene amapereka kuti ubongo usatupe.

NaBanda_A25

Eee ali pa dexa. Anali atatsitsidwa kufika 2mg koma masabata awiri apitawa mutu unayambiranso kuwawa ndiye adokotala anakweza, panopa ndi 4mg m'mawa 4mg masana. Nkhope yafufuma ngati buledi, ndipo akudya ngati mnyamata, 3 koloko usiku mumva akutsegula poto kukitchini. Zikugwirizana bwanji ndi magazi?

NesiWaKuLeeds

Asisi zikugwirizana kwambiri, ndipotu apo ndi pamene pagona nkhani yanu yonse. Ine ndakhala zaka zingapo pa wodi ya ma opaleshoni a ubongo kuno ku UK ndipo wodwala wa dexa ukatsegula magazi ake umadziwiratu zimene uone, neutrophils m'mwamba lymphocytes pansi. Dexa imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ma neutrophil ambiri nthawi zonse amakhala atamatirira m'mbali mwa mitsempha ya magazi, sayenda, ndiye nesi akatenga magazi iwowo salowa mu sirinji. Dexa imawamasula onse nkulowa mu mtsinje, imachedwetsanso kufa kwawo, ndiye makina akawerenga amapeza chigulu. Mbali inayi imathamangitsa ma lymphocyte m'magazi ndipo ena imawapha. Nambala ya pamwamba yakwera, ya pansi yatsika, mukagawa mupeza chani? Chinambala chachikulu, chotupa chisanachite chilichonse.

Onjezaninso kuti adadi angomaliza kumene radiation ya masiku 30. Ma lymphocyte ndi maselo osalimba mpang'ono pomwe ku radiation, ndipo tsiku lililonse makina aja akamawotcha pamutu magazi amakhala akudutsa pomwepo, pofika tsiku la 30 pafupifupi magazi onse a m'thupi alawako. Temozolomide nayo imawatsitsa. Ndiye 0.8 kwa munthu amene wadutsa zonsezi si chachilendo, ndaonapo 0.3, 0.4.

Koma chonde chonde, ndikugwadirani, musaganize kuti poti dexa ndi imene ikukweza nambala ndiye muwasiyitse. Dexa sasiya mwadzidzidzi. Dexa ndi steroid, ndiye thupi limakhala lasiya kupanga steroid yake yachilengedwe, mukangodula BP ikhoza kugwa munthu nkukomoka, komanso ubongo utupanso. Amatsitsa adokotala, pang'onopang'ono. Chimene mungachite ndi kuwafunsa ulendo uliwonse kuti kodi tingayambe kutsitsa, chifukwa cholinga nthawi zonse ndi dozi yochepetsetsa imene ikuthandiza. Yezaninso shuga, ndi kudya kwa usiku mukunenako dexa imakweza shuga moopsa ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo shuga. Muziwayang'ananso mkamwa ngati mwayamba zoyera zija, ndiponso ngati akuvutika kudzuka pampando, imafoola minofu ya m'ntchafu.

Chikondi_265

Mayi musadandaule Mulungu ndi wamkulu. Kutupa kwa m'thupi kumatha ndi zachilengedwe, chammwamba supuni ziwiri mu phala, adyo, jinja, turmeric ndi mandimu m'madzi ofunda m'mamawa. Asiye shuga ndi nyama yofiira chifukwa khansa imadya shuga. Azakhali anga anachira chotupa ndi zimenezi madokotala anadabwa. Mankhwala achizunguwa ndi amene akupha asilikali mwaona nokha anesi avomereza.

NesiWaKuLeeds

Achimwene sindinavomereze zimenezo, musandiike mawu mkamwa. Chammwamba ngati ndiwo palibe vuto. Koma munthu amene ali pa temozolomide ma platelet ake, aja othandiza magazi kuundana, amatha kutsika, ndipo wachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndiye mukamuthira adyo ndi turmeric wambirimbiri amene amachedwetsa magazi kuundana mukusewera ndi moto. Chilichonse cha m'botolo aonetse kaye adokotala.

Dr_Mphepo

Mayi NaBanda, ndawerenga zonse. A labu ndi anesi anena zoona, ine ndingowonjezera kumene 4 mwaipezayo inachokera, chifukwa mwapempha chilungamo.

Nkhani ya NLR si bodza la pa intaneti. Mu 2013 madokotala a ku Cork ku Ireland, Bambury ndi anzake, anabwerera m'mafayilo a odwala glioblastoma 84 nkupeza kuti amene NLR yawo inali yoposa 4 theka la iwo linali litamwalira pofika miyezi 7.5, pamene enawo inali miyezi 11.2. Chaka chotsatira Templeton ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 100 wa khansa zosiyanasiyana, odwala oposa 40,000, nkupezanso kuti NLR yokwera imayendera limodzi ndi moyo wofupikirapo. Ndipo chifukwa chake chikumveka. Chotupa chimatulutsa timankhwala toitana ma neutrophil, ena mwa iwo akafika m'malo molimbana nacho amachithandiza kumera mitsempha yatsopano ndi kugonetsa ma T cell, amene ndi gulu lina la ma lymphocyte. Mu 2018 gulu la ku Duke University ku America linaonetsanso kuti mwa odwala glioblastoma ma T cell ambiri amatsekeredwa m'mafuta a m'mafupa osatuluka, mankhwala asanayambe nkomwe. Ndiye chotupa cholusa chikhoza kuoneka m'magazi, zimenezo sindikukana.

Tsono onani bwino mawu amene ali mu kafukufuku wa ku Cork uja, ndi magazi a chithandizo chisanayambe. Inu mwatenga magazi a munthu amene wadutsa mpeni, radiation ya masabata 6, miyezi ya temozolomide ndi dexa 8mg pa tsiku, nkuwayeza ndi muyezo wa anthu amene anali asanayambe ulendowo. Zili ngati kuyeza kutentha kwa thupi la munthu amene wangochoka pa moto wa njerwa nkunena kuti ali ndi malungo. Ngakhale m'mafukufuku omwewo dexa ndi imene imasokoneza kwambiri, chifukwa wodwala wa chotupa chachikulu ndi amene amapatsidwa dexa wambiri msanga, ndiye NLR ikakwera sudziwa ngati ikunena za chotupa, za dexa, kapena ikungobwereza zimene sikani yanena kale. Malire akenso sagwirizana, ena amadula pa 4, ena pa 5, ena pa 7, aliyense amasankha pamene pakumuyendera bwino pa odwala ake, ndipo ambiri ndi mafayilo akale a chipatala chimodzi. Nchifukwa chake adokotala anu sanaitchule. Sakubisani, kungoti palibe chisankho cha chithandizo cha glioblastoma chimene chimapangidwa potengera NLR.

Palinso china chimene chimatikhudza ife akuda. Anthu ambiri a kuno ku Africa kum'mwera kwa Sahara tili ndi mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, umene umatiteteza ku malungo a vivax, ndipo anthu otere mwachibadwa ma neutrophil awo m'magazi amakhala ochepa kuposa a azungu chonsecho ali bwinobwino. Ndiye malire amene anadulidwa pa anthu a ku Ireland sungangowanyamula nkuwaika pa munthu wa ku Dowa.

Manambala enawo. CRP ndi puloteni imene chiwindi chimapanga thupi likakhala pa nkhondo, albumin imatsika munthu akamadwala nthawi yaitali kapena osadya. Ku Glasgow anapanga muyezo wophatikiza ziwirizi, CRP yoposa 10 ndi albumin yochepera 35 ndiye zoipa. Adadi anu 6 ndi 36, pa muyezo umenewo ali pa 0, ngakhale dexa imatsitsanso CRP ndiye nayonso musaikhulupirire kwambiri. Mukuona, pepala lomwelo nambala ina ikukuopsezani ina ikukutonthozani.

Zimene ife timayang'ana tikafuna kudziwa kumene zinthu zikulowera ndi izi, zaka za wodwala, mmene akudzithandizira yekha pa muyezo wa Karnofsky pamene 70 ndi munthu wosamba ndi kudya yekha ngakhale sangagwire ntchito, kuchuluka kwa chotupa chimene anachotsa, ndi zimene zili pa lipoti la chotupacho makamaka MGMT ndi IDH, majini awiri amene amayezedwa pa chotupacho. Chithandizo chimene adadi akulandira chinachokera ku kafukufuku wa Roger Stupp wa 2005, odwala 573, pamene radiation yokha inapereka miyezi 12.1 ndipo kuphatikiza temozolomide miyezi 14.6. Pa zaka ziwiri amoyo anali 26 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi 10, pa zaka zisanu pafupifupi 10 poyerekeza ndi 2. Amene MGMT yawo inali methylated, kutanthauza kuti jiniyo ndi yozimitsidwa, nkulandira zonse ziwiri anafika miyezi 21.7. Manambala a miyeziwa ndi a munthu wapakati pa mzere, theka linapitirira pamenepo ena kutali ndithu, theka silinafike. Matendawa ndi oopsa mayi, Senator John McCain ndi ndalama zonse za ku America anakhala nawo chaka ndi mwezi umodzi. Sindikunamizani kuti ndi chimfine. Koma 9 wanuyo si amene akuwerenga masiku.

Pa pepala lanu ine chimene chandigwira mtima ndi 0.8 payekha, osati pogawa. Grossman ndi anzake mu 2011 anatsatira odwala 96 a zotupa zotere, patatha miyezi iwiri chiyambire chithandizo 40 pa 100 aliwonse CD4 yawo inali pansi pa 200, ndipo amenewo anakhala miyezi yocheperapo. Ife a kuno CD4 ya pansi pa 200 tikuidziwa tanthauzo lake. Munthu wa ma lymphocyte ochepa amene alinso pa dexa akhoza kugwidwa ndi chibayo chija cha PCP, ndiye funsani ngati akuyenera kukhala pa Bactrim, koma asayambe okha chifukwa nayo imatha kutsitsa magazi. Akayamba kukhosomola kouma, kubanika, kapena thupi kutentha kufika 38, musadikire kuti kuche. Dziwaninso kuti dexa imabisa kutentha thupi, munthu akhoza kudwala kwambiri thermometer ikuonetsa zabwinobwino. Za makapisozi a mwezi uno adokotala amayang'ana neutrophils akhale 1.5 kapena kuposa ndi platelets 100 kapena kuposa, apo adadi adutsa.

MayiWaAnyamata

Ine si wachipatala, ndine mayi wamasiye. Amuna anga anamwalira ndi matenda omwewa zaka zitatu zapitazo ali ndi zaka 47, ndiye ndawerenga funso lanu mtima wanga wabwerera kumbuyo. Nane ndinali ndi kope la ma hardcover lija la ana asukulu, ndinajambula mizere, deti, neutrophils, lymphocytes, platelets, ndimawerengera mpaka ija ya platelets kuchulukitsa ndi neutrophils kugawa lymphocytes, ndinafika poidziwa kuposa mapemphero. Ikatsika ndimaphika nkhuku, ikakwera sindimadya. Tsiku lina bambo anandiyang'ana ali pakhonde nkunena kuti mayi, mukumacheza ndi kope kuposa ine. Mawu anali atayamba kale kuwavuta koma amenewo anatuluka bwinobwino onse.

Chimene ndinaona ine, mwezi umene zinthu zinasinthadi magazi anali abwino kuposa miyezi yonse. Chinandiuza ndi sopo. Anayamba kusamba mbali imodzi yokha ya thupi, dzanja lamanja kuliiwala ngati si lawo, kugona masana onse, nsima kuisiya pakati. Sikani inangotsimikiza zimene ndinali nditaona kale kubafa.

Pitani msanga kwa a palliative care, musadikire kuti mpaka zifike poipa, ine ndinachedwa chifukwa ndimaganiza kuti kupita kumeneko ndi kugonja. Ku Blantyre kuli Tiyanjane ku Queens, ku Salima kuli Ndi Moyo, inu muli ku Lilongwe funsani ku Central akulozerani. Amathandiza za ululu, za kugwa kuja, ndipo amadziwa kulankhula ndi amayi anu zimene inu simungathe. Komanso pamene adadi akutha kulankhula ndi kusayina konzani za ku banki, za penshoni, za malo, ndikudziwa pachikhalidwe chathu zimaoneka ngati ukumulosera munthu imfa koma ine abale a mwamuna anandivutitsa chifukwa tinaopa kuyamba nkhaniyo. Muwajambulenso mawu pa foni, aziyankhula chilichonse, nthano, nyimbo za kusukulu zimene ankaphunzitsa ana. Anyamata anga amamvera mpaka lero.

NaBanda_A25

Zikomo nonse, ndalira koma kulira kwina. Mayi a anyamata, kope limenelo nanenso ndili nalo, la buluu, ndachita manyazi.

M'mawa uno ndafufuza mu fayilo yonse ndapeza full blood count yoyambirira, ya tsiku limene anagwa kumunda lija asanalandire dexa ngakhale imodzi. Neutrophils 3.9, lymphocytes 1.7, ndiye ikubwera 2.3. Adokotala ndiye kuti ili ndi pansi pa 4 eti, ndi nkhani yabwino? Lipoti la ku India ndalipezanso, palembedwa IDH wildtype, MGMT methylated, ndipo pa opaleshoni alemba near total resection. Adadi amasamba okha, amavala okha, dzulo anakonza wailesi ya a neba, kungoti mayina a adzukulu amawasokoneza. Shuga tayeza ku pharmacy ali 13.8 asanadye, Bactrim sakumwa, anasiya titachoka ku India.

Dr_Mphepo

2.3 ija ndi imene ikufanana ndi zimene anayeza m'mafukufuku aja, ndiye ngati mukufuna kuiwerengera ili mbali yabwino. Koma ndikhala wabodza ndikakuuzani kuti 9 alibe ntchito kenako nkukuuzani kuti muvine ndi 2.3, kulemera kwake ndi kochepa mbali zonse. MGMT methylated, chotupa chochotsedwa pafupifupi chonse, ndi munthu wokonza wailesi, zimenezo ndiye zolemera, ndipo zitatu zonse zili kumbali yanu. IDH wildtype ikungotsimikiza kuti ndi glioblastoma yeniyeni monga mmene WHO inasanjira mu 2021.

Shuga wa 13.8 asanadye ndi wokwera, ameneyo asadikire tsiku la kiliniki. Pitani nawo mawa, mutenge pepala la magazi, botolo la dexa, ndipo mukafunse zitatu, shuga, Bactrim, ndi ngati mutu wayambiransowu ukufunika MRI msanga. Mukauzidwa kuti sikani yaoneka ngati chotupa chakula musagwe mphwayi nthawi yomweyo, miyezi itatu yoyambirira radiation itatha malo owotchedwa aja amatha kutupa nkuoneka ngati chotupa chabwerera pamene sichinabwerere, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri kwa a MGMT methylated omwewa.

Wakulabu_BT

Ndipo mukamakayezetsa ulendo wina yesetsani labu yomweyo, m'mawa nthawi yofanana, mulembe pakona pa pepala dozi ya dexa imene akumwa tsiku limenelo. Adokotala akamayerekeza mapepala zimawathandiza.

NaBanda_A25

Ndamva. Mawa 6 koloko tinyamuka, mchimwene wanga wabwereka galimoto. Adadi akuti akapita pokhapokha tikadutsa pogula mandasi, ndawauza za shuga ija akuti ndiye theka lokha.